Mphindi Khumi Zotsinzina

M'chipinda chosokera munali makina khumi ndi awiri, ndipo onse akayamba kulira nthawi imodzi munthu sunkamva ngakhale kutsokomola kwako komwe. Ankasokamo mayunifolomu a ana asukulu ndi maovolosi a amakaniko. Pansi pankadzaza tizidutswa ta nsalu ngati masamba oyoyoka, ndipo fungo la mafuta a makina linkalowa m'tsitsi n'kumuperekeza munthu mpaka kunyumba. Kumapeto kwa chipindacho kunali kaofesi ka magalasi, kopanikiza ngati khola la nkhunda. M'menemo ndimo munkakhala mayi amene onse ankangomutchula kuti Kapitawo.

Kapitawo sanali wouma mtima. Izi zidziwike poyamba, chifukwa nkhani za akapitawo zimakonda kuyamba ndi nkhanza. Iyeyu anasokapo zaka khumi ndi chimodzi asanakwezedwe, ndipo ankadziwa momwe msana umayakira dzuwa likapendeka, ndi momwe phazi limapitirizira kuponda makina ngakhale mwini wake atakhala m'basi. Amene anamuphunzitsa ntchitoyo anali akadali momwemo, pa makina achitatu, pafupi ndi zenera. Anali mayi wachikulire, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa ngati sizasi yatsopano. M'chipindamo munalibe mbale wawo weniweni, koma aliyense ankawaitana kuti Azakhali. Kunyumba ankalera adzukulu atatu, ana a mwana wawo amene anatsogola, ndipo kuntchito makolala onse ankasoka ndi iwo. Kolala ndiyo nkhope ya malaya. Ikapotoka, ngakhale mabatani akhale onyezimira bwanji, malayawo ndi sanza. Azakhaliwa ndiwo anamulandira Kapitawo ali mtsikana wosadziwa kugwira singano, n'kumamukwapula zala ndi tepi yoyezera mpaka msoko wake unawongoka ngati njanji. Atakwezedwa, ena onse anayamba kumupatsa ulemu wa udindo, koma iwo anapitiriza kumuti "mwana iwe", ndipo iye ankakondwa nazo mumtima.

Chaka chimenecho ntchito inachuluka kuposa manja. Anthu anayamba kupsetsana mtima pa zinthu zopanda mutu. Amayi awiri osoka manja a malaya anatha sabata yathunthu osapatsana moni chifukwa cha kachidutswa ka choko. Wina ankakalira kuchimbudzi n'kubwerako akunamizira fumbi. Kapitawo ankaziona zonsezi kudzera pagalasi, zikumudya mtima, koma ankasowa pogwira. Ndiye pamene mwini kampani ananena kuti kuli maphunziro a masiku atatu, ophunzitsa atsogoleri kukhazika mtima pansi ndi kusamala moyo wa antchito awo, iye anapita ndi kope latsopano ndi mapensulo awiri.

Anabwerako maso akuwala. Anaphunzira kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi kuutulutsa osathamanga. Anaphunziranso kuti munthu akamalankhula, umusiye mpaka afike kumapeto. Mphunzitsi wa kumaphunziroko, mayi wa mawu ofewa ngati thonje, anabwereza kangapo kuti mtsogoleri ayambe ndi iye mwini, ndipo asasinthe kanthu pantchito mpaka patapita masabata angapo. Kapitawo analemba mawuwo n'kuwadula mzere kunsi. Koma munthu amene akuganiza kuti wapeza mankhwala sadikira kuti wodwala ayasamule. Lolemba m'mawa chikalata chinali chitamatidwa kale pachitseko.

Lamulo lake linali lotere. Teni koloko, nthawi imene anthu ankamwa tiyi kwa mphindi makumi awiri, aliyense azituluka. Mphindi khumi zoyamba azikhala pamabenchi pansi pa shedi ya kuseri, manja pamaondo, maso otsinzina, akumvetsera mpweya wawo. Zotsalazo azimwa tiyi komweko. Ndipo kuti wina asakopeke kubwerera kuntchito, chipinda chosokera chizikhomedwa, kiyi azisunga Kapitawo.

"Pachitsekopo alembapo chiyani?" Azakhali anafunsa akuvula juzi. "Mandala anga ndaiwala."

Anawawerengera ndi mayi wosoka matumba, amene ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. Atamaliza anatembenukira kwa Kapitawo.

"Ndiye tizingokhala duu? Osayimba, osanena munthu miseche?"

"Muzingomvetsera mpweya wanu, achemwali."

"Mpweya wangawu ndakhala nawo zaka makumi anayi, sunandiuzepo nkhani yogwira mtima."

Bambo wodula nsalu, mwamuna yekhayo m'chipindamo, anati iye sakukana, bola pakhale womudzutsa, chifukwa munthu wa ana asanu akatsinzina amapitiratu. Onse anaseka. Azakhali okha sanaseke. Anatembenuzira nkhope kwa Wailesi, ndipo Wailesi nayenso anameza phwete lake.

"Kutsinzinako palibe vuto, a Kapitawo," anatero motsitsa mawu. "Koma chitsekocho bwanji osangochisiya chotsekula?"

"Ndimakudziwani inu," anayankha Kapitawo akumwetulira. Zoonadi, nthawi ya tiyi iye ankakhala muofesi atafulatira galasi, akulemba chiwerengero cha zovala zosokedwa, ndipo kumbuyo kwake ankamva kuyendayenda ndi makina amodzi kapena awiri akulira. "Ndikangotembenuka mumabwerera pamakina, tiyi akuzirala. Ntchitoyi idzakuphani muli chiimire. Ndikukhoma chifukwa ndimakukondani."

Munthu akakuuza kuti akukukonda, umamuyankha chiyani? Anatuluka.

Sabata yoyamba Kapitawo anasangalala ngati mlimi woona mbewu zikumera. Ankakhala kutsogolo kwa mabenchi, n'kutchera belu la pafoni, n'kutsinzina kuposa onse. Mapewa ake, amene ankakhala m'makutu, anayamba kutsika. Wailesi anaipatsa nthawiyo dzina lakuti maliro opanda mtembo, koma ankakhala nawo. Belu likalira, Kapitawo ankapempha aliyense kuti anene mmene akumvera, m'mawu amodzi okha kuti nthawi isathe.

"Bwino."

"Bwino."

"Njala," ankatero wodula nsalu.

"Nanga inu, Azakhali?"

"Ndikadali moyo."

"Mawu amodzi, Azakhali."

"Moyo."

Ndipo si kuti zonse zinali zachabe. Tsiku lachinayi wodula nsalu analiza mkonono wautali, wokhota kumapeto ngati funso, ndipo amayi awiri a choko aja anaphulika kuseka nthawi imodzi mpaka kugwirana mapewa. Udani unathera pomwepo. Mayi wolira uja anasiya kunamizira fumbi. Kapitawo anaona zimenezi n'kunena mumtima kuti njira ndi yomweyi, ndipo analimbitsa dzanja pa kiyi.

Sabata yachitatu, Lolemba, galimoto ya sukulu ina inabweza malaya makumi asanu ndi limodzi. Mwini kampani anawakhuthulira patebulo la muofesi, n'kutola amodzi. Kolala yake inali ngati galu wotukula khutu limodzi. Msoko unayamba bwino, n'kusochera pakati, n'kukatulukira kunja kwa nsalu.

"Makolala amasoka ndani?"

"Ndifufuza, bwana."

"Mufufuza chiyani? Inu ndi ine tonse tikudziwa amene amakhala pazenera paja." Bamboyo sankakweza mawu, ndipo kusakwezako ndiko kunkaopsa. "Sukulu imeneyi yatisoketsa zaka zisanu ndi zitatu. Ikachoka, ichoka ndi zinzake. Lachisanu masana mundibweretsere dzina lolembedwa. Ngati munthu wakalamba, palibe manyazi, akapume kwawo."

Atachoka, Kapitawo anaitana Azakhali. Analowa n'kuima pafupi ndi chitseko, dzanja limodzi litagwira mphuthu.

"Azakhali, chikuvuta n'chiyani? Makolalawa si manja anu awa."

Mayiwo anatsekula pakamwa, n'kukoka mpweya ngati munthu wofuna kusenza mtolo wolemera.

"Ndikudziwa," Kapitawo anapitiriza, chifukwa chisoni chinamuthamangitsa lilime. "Ndi kutopa. Ndi maganizo a kunyumba. Kumaphunziro anatiuza kuti mutu ukadzaza, manja amasochera. Musadandaule, ndakonza kale. Kuyambira lero, nthawi ya nkhomaliro nayonso tizikhoma. Aliyense azidya panja, mtima uli m'malo. Muona, pofika Lachisanu msoko ubwerera."

Azakhali anatseka pakamwa paja pang'onopang'ono.

"Wamaliza, mwana iwe?"

"Ndamaliza, Azakhali."

"Chabwino."

Masana amenewo, akukhoma chitseko, Wailesi anamutsatira mpaka pakona.

"A Kapitawo, pali zinthu zina zimene munthu sunganene, koma mwina mukanangolola kuti..."

"Wailesi!" Mawu a Azakhali anachokera pabenchi, akuthwa. "Zimitsa."

Ndipo kwa nthawi yoyamba chilembedwereni ntchito, Wailesi anazima.

Lachiwiri makolala anaipiraipira. Lachitatu Kapitawo anapita yekha pa makina achitatu, n'kutola mulu wa m'mawa umenewo. Mwa makolala khumi, abwino anali atatu. Pa ina ulusi woyera unasokedwa pansalu yabuluu. Mantha a Lachisanu anamukwera kumutu, ndipo mantha akasowa kolowera amatuluka ngati ukali. Anaikweza kolalayo m'mwamba, pamaso pa onse.

"Ichi n'chiyani? Ndikukumenyerani nkhondo kwa abwana, ndakupatsani nthawi yopuma, inu n'kumandisokera zoterezi? Inu amene munkanditupitsa zala chifukwa cha msoko wokhota pang'ono? Ngakhale wophunzira wa sabata imodzi sangachite manyazi otere!"

Makina anazima amodziamodzi. Wodula nsalu anaika sizasi pansi mosamala ngati ndi dzira. Azakhali sanatukule mutu. Anapinda manja awo pamiyendo, n'kunena ndi mawu aulemu amene Kapitawo anali asanawamvepo pakamwa pawo:

"Pepani, a Kapitawo. Ndiyesetsa."

Kukanakhala bwino akanamutukwana. Kapitawo anabwerera m'kaofesi kake, ndipo anayesa kukoka mpweya monga anaphunzirira, koma sizinathandize. Lachinayi, anthu ataweruka, anang'amba pepala m'kope lake la kumaphunziro, n'kulembapo dzina limene mwini kampani ankafuna. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la siketi.

Lachisanu kunacha ndi mvula. Inayamba ngati yongocheza, koma pofika teni koloko inali ikukhuthuka, ndipo shedi ya kuseri, imene malata ake anali obooka, inasanduka bafa. Mabenchi ananyowa onse.

"Lero titsinzinira momwe muno," anatero Kapitawo. "Aliyense pampando wake. Ndizimitsa magetsi a makina."

Anakoka kampando n'kukhala kutsogolo, n'kutchera belu, n'kutsinzina.

Masiku onse aja, akatsinzina, ankakhala akuwerenga mpweya wake ndi kudziyamikira kuti zinthu zikuyenda. Lero analibe chowerenga. Nzeru zake zonse zinali zitatha, ndipo pepala lija linkamutentha pantchafu ngati khala. Analibe choti akonze, analibenso choti auze munthu. Anangokhala. Anamva mvula pamalata. Anamva madzi akutsika m'paipi ya pakona. Anamva benchi ya wodula nsalu ikulira pang'ono, ngati munthu wanyamukapo. Kenako, pansi pa phokoso lonselo, anamva kaphokoso kakang'ono: kete.

Telala aliyense amakadziwa kaphokoso kameneko ngakhale ali m'tulo. Ndi bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi wapansi, ikamalowa m'malo mwake.

Anatsekula maso pang'ono, mpata wopyapyala ngati ulusi.

M'chipinda monse, kupatula munthu mmodzi, munalibe amene anali pampando wake. Wailesi anali atavula nsapato, atagwada pambali pa makina achitatu, kalilime kali panja, akulowetsa ulusi pakabowo ka singano. Wodula nsalu anali atawerama patebulo lake, akujambula mzere wonenepa wa choko chachikasu pa kolala iliyonse, kusonyeza modutsa msoko, mzere woti ngakhale munthu woima kukhomo akanauona. Amayi awiri a choko aja anali atagawana mulu wa makolala a m'mawa, akumasula misoko yokhota mofulumira ngati akutola nsabwe. Wina ankakulunga ulusi pamabobini ndi dzanja, n'kumawandanda pamakinapo motsatana, oyera kumanzere, abuluu kumanja. Zonsezi zinkachitika popanda liwu limodzi, popanda kugundana. Aliyense ankadziwa pake. Sizinali zoyamba lero kapena mwezi uno. Zinali ntchito yozolowereka, ya anthu amene aichita nthawi ya tiyi iliyonse kwa miyezi yambirimbiri, kumbuyo kwa munthu wofulatira galasi.

Azakhali okha ndiwo anali atamvera lamulo. Anakhala mowongoka, manja pamaondo. Koma maso awo anali otsekula, atalozetsa kuzenera, ndipo kuwala kotuwa kwa tsiku la mvula kunkawagwera cham'mbali. Kapitawo anawayang'anitsitsa, mwina koyamba m'zaka ziwiri. Pakati pa diso lililonse, pamene payenera kukhala pakuda bii, panali kamtambo koyera, ngati dontho la mkaka m'madzi.

Ng'ala.

Zinthu zambiri zinabwera nthawi imodzi. Mandala oiwalika tsiku lililonse. Dzanja logwira mphuthu. Momwe ankapapasira kapu asanaitole. Ndipo iye, ndi chikondi chake chonse, anatenga kiyi n'kukhomera panja manja onse amene ankawagwiriziza.

Mayi wolira uja ndiye anaikidwa kukhala mlonda. Anali ataima pakati pa mizere, akuyang'ana zikope za Kapitawo, ndipo maso awo anakumana. Mayiyo anauma ngati chitsa. Kapitawo anapukusa mutu pang'ono, n'kuika chala pamilomo. Kenako anapapasa foni, n'kuzimitsa belu lisanalire, n'kutsinzinanso. Anakhala choncho mphindi makumi awiri ndi zisanu, misozi ikutsikira m'khosi, mpaka anamva mipando yonse italandira eni ake.

Nthawi ya nkhomaliro sanakhome. Anthu anatengera zakudya zawo kukhonde, akuyang'anana, ndipo Azakhali anatsala pamakina awo. Kapitawo anakoka mpando wa Wailesi n'kukhala pambali pawo. Mawu ankabwera pakamwa, opepesa, olongosola, olonjeza, ndipo iye ankawameza onse. Mvula inali itayamba kukalamba. Inapita mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Azakhali ankasisita kachitsulo ka pansi pa singano ndi chala chachikulu.

"Mwaona," anatero pomaliza.

"Ndaona."

Kapitawo anadikira.

"Linayamba ndi lamanzereli, chaka chadzana. Ndinkati ndi utsi. Kenako linaitana mnzake." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Nsalu ndimaiona. Mtundu ndimauona ukakhala wolimba. Koma kabowo ka singano kanasamuka, sikanatsanzike. Anzanuwa akandikonzera m'mawa, nthawi ya tiyi ndi masana, ndimayenda tsiku lonse. Ulusi ukaduka pakati, Wailesi amanamizira kudzabwereka choko."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinawaletsa ndine. Ndinati amene adzatsekule pakamwa asadzabwere pamaliro anga." Anatembenuka, maso amtambowo akufunafuna nkhope yake. "Munthu amene ndinamuphunzitsa kugwira singano adzandione ndikujompha pambali ngati nkhuku yakhungu? Komanso inu muli ndi abwana pamwamba panu. Mukadziwa, ndiye kuti mwasenza. Mukabisa, mwalakwira ntchito. Mukanena, adzukulu anga adya chiyani? Lolemba lija ndinatsala pang'ono kunena. Koma munali mutakonza kale."

Mawu amenewo analowa ngati singano pansi pa chikhadabo. Kapitawo sanadziteteze.

"Kuchipatala munapitako?"

"Akuti amapala diso ngati mphika. Ine ayi."

"Sapala. Apongozi anga anawachita chaka chatha, tsiku lomwelo anabwerera kunyumba akutukwana fumbi limene anali asanalione pamakabati." Anaima kaye, n'kufunsa, osati kulamula: "Mutandilola, ndingakuperekezeni?"

Azakhali sanakane.

Thu koloko Kapitawo anakwera masitepe a ku ofesi ya mwini kampani. Bamboyo anatambasula dzanja kuti alandire pepala.

"Dzina ndabwera nalo pakamwa, bwana. Ndi langa."

Anafotokoza zonse, osadzichepetsera mlandu: za maso, za anthu khumi ndi mmodzi amene ankapereka tiyi wawo tsiku ndi tsiku, za kiyi. Mwini kampani anamvetsera akugogoda tebulo ndi cholembera.

"Ndiye mukundiuza kuti zaka ziwiri makolala anga ankasoka ndi munthu wosaona?"

"Ndipo palibe inabwezedwa, bwana, mpaka ine nditalowererapo."

"Zimenezo sizisintha kanthu. Pamakina sangakhalenso. Tsiku lina adzasoka chala."

"Pamenepo sindikutsutsa. Koma patebulo loyendera zovala zisanapakidwe palibe munthu, n'chifukwa chake malaya sikisite anatuluka osaonedwa. Mayi aja msoko wokhota amaumva ndi chala, ngakhale mutawamanga nsalu kumaso. Ikani iwowo. Makolala ndigawana ndi Wailesi mpaka wina aphunzire. Obwezedwawo ndikonza ndekha."

"Inu mubwerere pamakina? Nanga ofesi?"

"Ofesi ija yandibisira zambiri."

Bamboyo anayang'ana kudenga nthawi yaitali, ngati yankho linalembedwa kumeneko.

"Miyezi itatu," anatero. "Malaya amodzi okha akabwezedwa, tidzakambirana za anthu awiri, osati mmodzi."

Kapitawo anatsika masitepe akuthamanga ngati mwana. M'mutu mwake ankaona Azakhali akumwetulira. Koma atawauza, mayiwo anangoika manja pamakina.

"Ndiye ndichoke pano."

"Ntchito ikhalapo, Azakhali. Malipiro omwewo."

"Ndamva. Ndichoke pano." Anasisita khosi la makinawo monga munthu asisitira ng'ombe imene yagulitsidwa. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Akhalapo ndani?"

"Wailesi."

Wailesi, amene ankanamizira kufunafuna kanthu pansi pa tebulo lapafupi, anadzuka maso ali ofiira.

"Iwe," Azakhali anamuuza, "makina awa si wailesi inzako, samva kukalipidwa. Mafuta Lolemba ndi Lachinayi, madontho awiri, osati kuwasambitsa. Kukazizira amakoka ulusi, uziyamba wawayendetsa opanda nsalu. Ukawathyolera singano, ndidzamva ndili kutebulo."

"Ndamva, Azakhali."

Kenako anatenga kansalu, n'kupukuta makinawo mbali zonse mwa kupapasa, malo aliwonse amene zala zawo zinkawadziwa. Palibe anawathandiza, chifukwa onse anaona kuti sizikanakhala bwino. Atamaliza ananyamula kapu yawo ndi juzi, n'kuyenda okha mpaka patebulo la kumapeto, akuwerenga mizere ya makina ndi dzanja. Sanathokoze munthu.

Miyezi itatu inatha popanda malaya obwezedwa, ndipo Azakhali anakhazikika patebulopo. Kuchipatala anapita, Kapitawo atawagwira mkono. Diso limodzi linayera, lokwanira kuwerenga nambala ya basi ndi kuona nkhope za adzukulu. Linalo madokotala anati linachedwa. Pa makolala sanabwererenso. Kukhala chete kwa teni koloko kunapitirira kwa ofuna, ndipo ofunawo anali ambiri kuposa mmene munthu akanaganizira, pakati pawo panali wodula nsalu, amene ankati ndi tulo tokha topanda mwana womukwera pamimba. Kapitawo ankamwera tiyi wake pakati pa anthu, ndipo anaphunzira kufunsa funso n'kuluma lilime.

Za Lachitatu lija anapepesa pamaso pa onse, pamalo pomwe anaimirira ndi kolala m'manja. Azakhali anati zatha. Koma telala aliyense amadziwa kuti msoko wolakwika umamasulika, mabowo a singano ndiwo amatsala pansalu. Ankacheza, ankaseka, koma panali kanthu kena pakati pawo kamene sikanabwerere m'malo mwake, ndipo Kapitawo anakasenza mwakachetechete monga mtengo wa phuma lake.

Anali ndi mtima wabwino, ndipo mankhwala amene anabwera nawo sanali abodza. Chimene chinamulaka n'chakuti anathamangira kukhazika pansi mitima ya ena wake uli chiimire, n'kupereka yankho kwa anthu amene anali asanawaone bwino. Chimene anachisowa zaka ziwiri chinali pamtunda wa mapazi khumi kuchokera pampando wake, ndipo chinadzionetsa chokha tsiku limene iye anasowa chochita n'kungokhala phee. Zobisika za munthu zili ngati kanyama kam'chigoba: ukakagogoda, ngakhale mwachikondi, kamalowera m'kati. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.